Chizindikiro chimafuna wochizindikira

Dzulo mwana wa mchemwali wanga anandifunsa kuti, "Amalume, kodi chizindikiro n'chiyani kwenikweni?" Kusukulu amuuza kuti mpumiro ndi mfunsiro ndi zizindikiro za m'kalembedwe, koma kuchipatala anamva adokotala akuti kutentha thupi ndi chizindikiro cha malungo. Mwanayo anasokonezeka, ndipo funso lakelo ndagona nalo.

Mawuwa amachokera ku mneni woti kuzindikira. Ndiye kwa ine, chinthu sichikhala chizindikiro pachokha. Pamafunika munthu woti akachiona adziwe china chimene sichikuoneka pamenepo.

Agogo anga aakazi sankadziwa kulemba ngakhale dzina lawo. Koma pa 14 June 1993, tsiku la riferendamu, sanafune wowawerengera. Panali nyali, panali tambala wakuda. Nyali ija inali yofanana ndi imene inkapachikidwa pakhonde pawo, yamwaye, yonunkha palafini, koma tsiku limenelo inkatanthauza matipate, pomwe tambala ankatanthauza kupitiriza ndi chipani chimodzi. Dziko lonse linamvana tanthauzo lake, ndipo mphamvu yake inali pomwepo. N'chifukwa chake mu 2010 boma litachotsa dzuwa lotuluka pa mbendera n'kuikapo dzuwa loyera lathunthu, ambiri mtima sunakhale m'malo. Nsalu inali yatsopano, yokongola mwina, koma anthu sankadziona m'menemo. Pofika 2012 dzuwa lakale lija linabwerera.

Chimene chikundidandaulitsa n'chakuti masiku ano mawu amenewa tikuwasenzetsa katundu aliyense, mpaka akumeza anzake. Kalata ya amfumu imakhala ndi chidindo. Pankhope pa amayi akale pamakhala mphini. Amene anapsa ndi phala ali mwana amakhala ndi chipsera. Onsewa ndi mawu athu, ndipo aliwonse amaloza chinthu chimodzi mosaphonya.

Mwezi watha ndinaona uthenga pa Facebook wofunafuna mnyamata wosowa. Analemba kuti "ali ndi chizindikiro kumaso". Mtima unandiwawa chifukwa ndinkafunitsitsa kuthandiza, koma ndikanayang'ana chiyani m'basi kapena pamsika? Akanangoti ali ndi chipsera pamwamba pa diso lamanzere, kapena mphini ziwiri patsaya, ngakhale wogulitsa mandasi padepoti akanamudziwa.

Mphwanga uja ndamuuza kuti m'mayeso alembe chizindikiro monga aphunzitsi akufunira, koma akamafotokoza munthu atchule chimene maso ake aona.