Kwa mchemwali wanga zinayambira m'diso

Zikomo alembi a nkhani imene ndawerenga pofotokoza kuti matenda a multiple sclerosis amawononga myelin, chikuto cha mitsempha. Kwa mchemwali wanga zinayambira m'diso limodzi. Akaliyendetsa linkapweteka, zofiira zinkaoneka zofwifwa, pakati pali ngati chifunga. Patapita milungu ingapo anayambanso kuona, ife nkumati basi zatha. Koma makina a OCT, ojambula mkati mwa diso, anaonetsa kuti retina, kansalu kolandira kuwala kumbuyo kwa diso, kapyapyala, chifukwa mtsempha wa diso ukatupa timaulusi tina timafa osabwereranso.

Chimodzi simunatchule: akasamba madzi otentha kapena kuyenda padzuwa, diso lija limachitanso mdima kwa kanthawi. Dokotala wa maso Wilhelm Uhthoff anazifotokoza kale mu 1890, koma ife posadziwa tinkagona ndi mantha kuti matenda ayambiranso.