Lekani kupachika mawaya a magetsi ndi pulasitiki pamwamba pa makomo a anthu

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Loweruka lapitali nyumba ina ya lendi kuno kwathu inagwira moto usiku, nyumba zija za zipinda zambiri zimene mabanja onse amatulukira khomo limodzi. Ena akuti unayamba ndi hotipuleti, ena akuti ndi kandulo. Palibe anamwalira, Mulungu alemekezeke. Koma mnyamata amene anabwerera m'katimo kukatenga mwana wa mlongo wake anatuluka khosi ndi mikono zili zilonda zokhazokha, chonsecho malawi sanamukhudze. Anakodwa m'mawaya. Mawaya onse amene anadutsitsa m'kolido, pamwamba pa zitseko, anali atagwa n'kumalendewera ngati khwekhwe, mu utsi woti munthu sangaone ndi dzanja lake lomwe. M'mawa titapita kukawaona anzathuwo, ndinayang'ana khoma lija. Misomali inali ndandanda, yonse ilipo. Timakilipi ta pulasitiki timene tinkagwira mawayawo ndiye tinali titasungunuka.

Kodi tikuchita dala? Inu abambo ndi amayi eni nyumba, mumakwanitsa kugula malata, matailosi, geti lachitsulo, mpaka waya wa minga pamwamba pa mpanda. Mazenera onse mwawotcherera mabagila kuopa akuba, ndipo munthu akakhala m'katimo njira yake yotulukira ndi imodzi basi, khomo. Ndiye pamwamba pa khomo lomwelo mukupachikapo mtolo wa mawaya ndi tipulasitiki togula pa benchi, toti dzuwa la mu Okutobala lokha limatiphwanya? Ndalama imene mwapulumutsapo ndi zingati? Ingakwane bokosi la mwana wa mwini?

Musandiuze kuti waya wake ndi wabwino, wa mkuwa weniweni. Ubwino wake ukuthandizani chiyani atagwa? Musandiuzenso kuti mudzathimitsa pa meni switchi. Waya wopanda magetsi amakola mwendo chimodzimodzi, amakola khosi chimodzimodzi. Kutentha kwa moto kumathamangira kumwamba, kumene kuli mawayako, ndipo m'mphindi zochepa pansi pa siling'i pamakhala patafika madigiri mazanamazana. Pulasitiki wa makilipi amenewa amasungunuka asanafike n'komwe pa madigiri 200. Chitsulo chimapirira mpaka kupitirira madigiri 1,400. Pamenepa pali choti n'kukambirana?

Anzathu a ku Britain, amene mapulagi athu a mano atatuwa tinatengera kwa iwo, anaphunzira ndi maliro. Mu 2005 ozimitsa moto awiri anafa pa nyumba yosanjikizana ya Harrow Court ku Stevenage, ndipo mmodzi wa iwo anapezeka atakodwa m'mawaya amene anagwa pulasitiki wake atasungunuka. Mu 2010 ena awiri anafa ku Shirley Towers mumzinda wa Southampton, mawaya ogwa atawatchingira njira. Kuchokera apo malamulo awo a kayikidwe ka magetsi, otchedwa BS 7671, anasinthidwa. Mu 2015 analamula kuti m'njira zothawira moto mawaya azigwiridwa ndi zinthu zosagonja msanga ku moto, ndipo kuyambira Januwale 2019 lamulolo linakhudza nyumba yonse. Pulasitiki yekha saloledwanso kukhala chogwirira mawaya. Taganizani bwino, abale anga. Amene anafawo anali amuna ophunzitsidwa ntchito, ovala zipewa zolimba ndi zovala zosapsa msanga, mpweya wopuma uli kumsana. Ngati mawaya anagonjetsa anthu otero, nanga agogo a chitenje chimodzi, atabereka mdzukulu, pakati pa usiku? Nanga ana a sukulu m'hositelo, akukankhana pa chitseko chimodzi? Ndipo kwathu kuno madera ambiri galimoto yozimitsa moto ili kutali, wokupulumutsani ndi mnansi wanu wa ndowa m'manja, amene adzalowe m'mawaya anu omwewo.

Tsopano inu ana anga amisiri a magetsi, ndi inu amene mwandipweteka mtima kwambiri, chifukwa inu mukudziwa. Mwini nyumba sadziwa kusiyana kwa kilipi ndi kilipi, koma inu munaphunzira. Bwanji mumangoti "bwana, izi n'zotchipa, zigwira ntchito"? Ndaona ndi maso angawa waya atamupanikiza kukhoma ndi msomali wopinda, msomaliwo utadya kale khungu la waya. Ndaona m'tchalitchi mawaya a zokuzira mawu ndi a magetsi atamangidwa pamodzi ku mtanda wa denga ndi tizingwe ta pulasitiki, pansi pake pali mabenchi a ana a Sande sukulu. Ndaona mumsika waya akuchokera pa shopu iyi kupita pa shopu iyo atamangidwa ndi mphira wa chubu ndi nsanza za jumbo, kumutu kwa anthu odutsa. Misika yathu yapsa kangati? Simunaone amayi akugubuduka pa phulusa la katundu wawo? Ndaona trunking, kangalande ka pulasitiki kobisamo mawaya, yoyera bwino, yowongoka, yomatidwa kukhoma ndi guluu, m'kati mwake muli mawaya asanu opanda chowagwira china chilichonse. Kukongola kumeneko kudzagwera pamutu pa munthu.

Chitani zinthu moyenera, si zovuta. Waya aliyense woyenda poonekera, makamaka m'kolido, pa masitepe, pakhonde ndi pamwamba pa khomo, agwiridwe ndi makilipi achitsulo. Ndati chitsulo, osati aluminiyamu, amene amasungunuka pa madigiri pafupifupi 660, kutentha kumene moto wa m'nyumba umafikako. Panja, kubafa ndi pena paliponse pachinyontho ikani chitsulo chosachita dzimbiri. Kilipi ikhale ya saizi ya waya wake: wa 1.5 wa mababu, wa 2.5 wa masoketi ndi wa 6 wa chophikira cha magetsi safanana kukula, ndipo kilipi yothina kapena ya m'mphepete mwakuthwa idzacheka khungu la waya n'kuyambitsa moto womwe mukuuthawawo. Iyandikane, pafupifupi masentimita 30, osati imodzi pano ina kumapeto kwa khoma. Ngati mwayendetsa mawaya mu trunking ya pulasitiki, muikemo makilipi achitsulo m'kati oboolera kukhoma. Ngati ndi mapaipi a pulasitiki oyenda poonekera, zogwirira zake zikhale zachitsulo. Ndipo pali chinyengo china chimene ambiri sachiona: kilipi yachitsulo, sikuluu yachitsulo, koma sikuluuyo yalowa m'kapulagi ka pulasitiki m'khoma. Kapulagiko kakafewa zonse zimazuka pamodzi. Gwiritsani ntchito masikuluu oluma okha m'njerwa ndi konkire, kapena zomangira zachitsulo.

Zimenezi zikukhudzanso inu oika sola ndi ma inverter, inu a madishi, a makamera ndi a intaneti, amene mumabwera nyumba itatha kale n'kumangoponya waya paliponse pamene dzanja lafika. Waya wanu ndi wowonda, inde, koma mwana akakodwamo mu mdima adzaudula ndi chiyani?

Eni nyumba, musanalembe munthu ntchito mufunseni chiphaso chake cha ku MERA, ndipo akabweretsa mndandanda wa zogula, yang'anani ngati makilipi achitsulo alembedwapo. A mahadiweya, bwanji simuwaika pa shelefu? Mukuti anthu sawafunsa. Adzawafunsa bwanji chinthu chimene sanachionepo?

Makolo ankati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Apa sindinganene choncho, chifukwa amene idzamufotere si inu. Inu mwini nyumba mumagona kwina, inu mmisiri munalandira ndalama zanu n'kupita. Otsala pansi pa mawayawo ndi alendi, ana a sukulu, odwala, opemphera, anthu amene sanasankhepo kilipi ngakhale imodzi. Kwezani maso lero lomwe, muone chimene chagwira mawaya pamwamba pa khomo lanu. Ngati ndi pulasitiki, itanani mmisiri wodziwa ntchito achotse. Lekani chibwana ndi miyoyo ya eni ake.