Leipzig ndi Vienna: njira ziwiri zosanthulira nyimbo imodzi

Germany ndi Austria ndi mayiko ogawana malire, amalankhula chinenero chimodzi, ndipo amalemekeza opeka nyimbo omwewo monga Bach, Mozart ndi Beethoven. Koma akatswiri awo akakhala pansi kuti afotokoze mmene nyimbozo zinalukidwira, amayambira kosiyana.

Ku Vienna, likulu la Austria, mwambo unali wowerenga malo. Simon Sechter, amene anaphunzitsa wopeka nyimbo Anton Bruckner kuyambira mu 1855, ankati chord iliyonse, kutanthauza mawu atatu kapena anayi omveka pamodzi, imadziwika ndi sitepe imene yakhazikikapo pa makwerero a do, re, mi, ndipo masitepewo amalembedwa ndi manambala achiroma kuyambira I mpaka VII. Hugo Riemann, amene anadzakhala mphunzitsi wotchuka ku Leipzig, mzinda wa ku Germany, sanakhutire nazo. M'buku lake la mu 1893 anati ntchito za ma chord zilipo zitatu zokha: T, pamene nyimbo yakhala pakwawo pa do; S, ya pa fa; ndi D, ya pa so, imene imakokera khutu kubwerera kwawo. Ma chord ena onse amangogwirizira ntchito za atatuwa. Ndiye chifukwa chake chord ya re, fa, la, imene ku Vienna amaitcha II, Riemann anaitcha Sp, m'bale wake wa S, popeza fa ndi la zilimo monga momwe zilili mu fa, la, do. Masukulu ambiri a ku Germany akugwiritsabe ntchito zilembo zimenezi mpaka lero.

Amene anapititsa patali mwambo wa ku Vienna ndi Heinrich Schenker, yemwe anamwalira mu 1935. Iye sankasamala kwambiri dzina la chord iliyonse payokha. Ankafuna kudziwa kuti mwa mawu onse a m'nyimboyo, ndi ati amene anyamula denga ndipo ndi ati amene ndi zokongoletsa chabe. Ankachotsa zokongoletsazo pang'onopang'ono mpaka patsale mzere umodzi wotsika, monga mi, re, do, ndi besi yoyenda do, so, do.

Tiyese njira zonse ziwiri pa timagawo tinayi toyambirira (ma bar anayi oyamba) ta Prelude ya Bach ya mu kiyi ya C, nyimbo yotsegulira buku lake la mu 1722. Wotsatira Riemann amva ulendo wathunthu, kuchoka pa T, kudzera pa chord yogwira ntchito ya S, kufika pa D ndi kubwerera pa T. Wotsatira Schenker akuuzani kuti nyimboyo sinasunthe n'komwe: mawu apamwamba angokwera kuchoka pa mi kupita pa fa n'kutsikanso, ndipo timagawo tonse tinayi ndi chord imodzi ya do imene yangotambasulidwa. Onse awiri akunena zoona, koma wina akumvetsera pafupi, winayo waima patali.

Chodabwitsa n'chakuti njira ya Schenker inakakhwimira ku America osati kwawo. Iye anali Myuda, ophunzira ake angapo monga Felix Salzer ndi Oswald Jonas anathawa ulamuliro wa Nazi n'kupita ku America, ndipo mkazi wake anafera ku Theresienstadt, msasa umene a Nazi ankatsekeramo Ayuda, mu 1945.

Kwa ine, munthu amene anaphunzira kuyimba ndi solofa m'kwaya ya kutchalitchi sangavutike ndi Riemann, chifukwa besi ya nyimbo zambiri za m'buku imazungulira pa do, fa ndi so pomwepo. Njira ya Schenker imathandiza pa nyimbo yaitali, pamene ukufuna kudziwa chimene chikulumikiza chiyambi ndi mathero, koma imafuna kusamala, chifukwa mwini wake ankapeputsa nyimbo zosalowa m'chikombole chake, ndipo kayendedwe ka nthawi m'nyimbo, kamene kwa ife n'kofunika kwambiri, njira yakeyo imakasiya kumbuyo.