Wilu yokha siiteteza nyumba

Mnansi wathu ku Chilomoni anamwalira atalemba wilu bwinobwino, mboni ziwiri zitasaina. Achibale akuchimuna sanatole ngakhale supuni. Paja lamulo la chuma cha masiye la 2011 linanenetsa kuti kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu, ndiye ena ayamba kuopa. Koma nyumba inapitabe.

Wilu ija inati nyumba ndi ya ana anayi mofanana. Chaka chisanathe, wachisamba anati akufuna gawo lake akayambire geni ya kaunjika. Nanga nyumba mungaiduledule ngati nkhuku? Anakangana mpaka anagulitsa. Lero mayi awo akuchita lendi kanyumba ka zipinda ziwiri ku Bangwe, mapeyala a mtengo umene anabzala ndi manja awo akudyedwa ndi eni atsopano.

N'chifukwa chake ine ndimati amene muli ndi nyumba ya mapepala m'tauni, ganizirani za trust. Si ya anthu olemera okha ayi. Mumapita kwa loya, n'kulemba chikalata chopereka nyumbayo m'manja mwa anthu oti aziyang'anira, aja amati ma trustee. Dzina pa pepala la nyumba limakhala lawo, koma alibe ufulu wodya. Amatsata zimene munalemba inuyo: mayi akhalemo mpaka tsiku lawo lomaliza, lendi ya boyizikota izilipira fizi ya ana, nyumba isagulitsidwe chitsirizira asanamalize sukulu. Mwana mmodzi akafuna ndalama zamsangamsanga, sangagulitse nyumbayo, chifukwa sili m'dzina lake. Trustee akachita zachinyengo, ana angathe kumutengera kukhoti.

Povuta ndi posankha anthuwo. Musasankhe malume chifukwa choti ndi malume. Munthu amene amakubwerekani ndalama n'kuiwala kubweza, mukaika nyumba m'manja mwake mwaika mbuzi pa khola la fisi. Sankhani awiri kapena atatu osadyerana m'mbale imodzi, ndipo mulembe amene adzalowe m'malo wina akamwalira. Loya adzafuna zake, kusintha dzina ku ofesi ya zamalo nakonso kuli ndi mtengo. Munda wakumudzi wa kwa amfumu ndi nkhani ina, sindikunena umenewo.

Mkazi wanga ndikamuuza izi amati ndikudziitanira imfa. Ndamuyankha kuti Loweruka tikwere minibasi limodzi, tikaone mayi aja ku Bangwe.