Layisensi muli nayo, nanga jeke munagwirapo?

Maganizo anga ndi akuti munthu asamalowe mumsewu wautali asanasinthepo tayala ndi manja ake, pakhomo pake, dzuwa likuwala. Kusukulu zoyendetsa galimoto timaloweza zikwangwani, timabwerera chafutambuyo pakati pa migolo, timanyamuka pachitunda, koma ambirife timatenga layisensi tisanatsegulepo pansi pa buti kuti tione zimene zilimo.

M'tauni ya Mzuzu muno vutoli silioneka. Tayala likaphwa pa Katoto kapena ku Luwinga, ungotuma wakabaza, posakhalitsa mnyamata wa matayala wafika ndi zida zake. Koma Mzuzu sitituluka mwachibwana. Kulowera ku Lilongwe pali Chikangawa, mtunda wautali wa mitengo yokhayokha, chifunga cha mu June ndi July chikatsika osaona ngakhale galimoto yakutsogolo, foni nayo pena netiweki imathawa. Kulowera ku Karonga pali makona a pa Chiweta. Kutsikira ku Nkhata Bay nako ndi mitsetse ndi makona. M'malo amenewa uimbira ndani?

Ineyo anandiphunzitsa ndi alamu anga oyendetsa lole, Loweruka lina pabwalo pathu ku Chibavi. Iwo anakhala pampando, manja m'thumba la jekete, osagwira kanthu. Nditathamangira jeke anandiimitsa: "Mlamu, masulani kaye manati galimoto ikadali pansi. Mukaikweza, tayala lizingozungulira." Natiyo inakana. Ndinakoka mpaka zikhatho kufiira, osasuntha. Akuti kumalo ambiri okonzera matayala amamanga ndi mashini a mpweya aja olira ngati mfuti, ndipo kasipanala kobwera ndi galimoto ndi kakafupi. Anandiuza kuti ndikoleke sipanala mopingasa, chogwirira chikhale kumanzere, ndiikepo phazi ndi kutsamira ndi thupi lonse. Inalira kuti gwe! n'kumasuka. Kuyambira pamenepo m'buti mwanga mumakhala kapaipi kotalikitsira sipanala, ndi kathabwa.

Kathabwako n'kofunika kwambiri kuno kwathu. Mvula ya Mzuzu mukuidziwa, dothi la m'mbali mwa msewu limafewa, jeke n'kumangomira m'malo mokweza galimoto. Pokoleka jeke napo si paliponse. Mukagwada n'kusuzumira kunsi kwa zitseko muona mzere wachitsulo wokhala ndi timipata tiwiri pafupi ndi tayala lililonse, pamenepo ndiye pake. Mukakoleka pena mupinda bodi, kapena galimoto itsetsereka. Handibuleki ikhale yokoka, giya ili pa 1 kapena pa P, mwala kutsekereza tayala la kungodya ina. Tayala lochotsalo muligoneke kunsi kwa galimoto kuti jeke ikakhumudwitsa galimoto igwere pamenepo, osati pamwendo panu. Pobwezera manati yambani ndi zala, mumange modumphadumpha osati motsatana, ndipo kumangitsa kwenikweni ndi galimoto itatsika.

Zonsezi munthu angazione pa YouTube, sindikukana. Chimene vidiyo singakuuzeni ndi zimene zili m'buti mwanu, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Galimoto zambiri tikuyendera muno, ma Vitz, ma Passo, ma Sienta, ndi zogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, zotsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Zina zimabwera ndi kasipeya kowonda kaja. Kameneko analembapo kuti osapitirira 80 km pa ola, ndipo kamafuna mpweya wa 420 kPa, pafupifupi kuwirikiza kawiri wa tayala wamba la galimoto yaing'ono. Ndani amakapopa? Kamakhala m'buti zaka, mpweya ukutuluka pang'onopang'ono, tsiku lokafuna n'kupeza nakonso n'kophwa. Zina zilibiretu sipeya, mumangokhala kabotolo ka mankhwala omatira ndi kapampu kolumikiza kumoto wa galimoto. Kabotoloko kamathandiza pa msomali. Dzenje likang'amba tayala chammbali, iwalani. Palinso galimoto zokhala ndi nati imodzi yakiyi pa wilo lililonse, yoletsa akuba, koma mwiniwake sadziwa kumene kiyiyo ili, mwina inatsala kwa amene anamugulitsa. Izi ndi zoti uzitulukire pakhomo, tiyi ali pamoto, osati pa Chikangawa usiku ana ali kumbuyo.

Azimayi anzanga, ndikudziwa zimene zimachitika. Ukangotulutsa sipanala pamsewu, abambo atatu afika kale: "Siyani mayi, mudetsa zovala." Zikomo, mtima wothandiza umenewo tisautaye. Koma tandiuzani, kukakhala kulibe munthu? Ndipo ngakhale alipo, ndi bwino kudziwa ngati wokuthandizayo wakoleka jeke pabwino, chifukwa galimoto ndi yako, ikapindika wolipira ndiwe. Azibambo nanu musabisale. Alipo ambiri ovala mataye amene sanasinthepo tayala, koma kufunsa akuchita manyazi, poti akuti mwamuna amabadwa akudziwa. Sabadwa akudziwa, alamu anga anaphunzira ali wothandizira dalaivala, akutukwanidwa.

Wina anandiuza kuti tikadziwa tonse, anyamata a matayala adya chiyani. Adya ndithu. Kusintha tayala sikumata tayala. Lophwalo lipitabe kwa iwo akalimize m'madzi, apeze pobooka, amate, apope. Chimene chichepe ndi mtengo wa munthu wosowa pogwira, uja amangovomera chilichonse chifukwa kukuda.

Chinthu chimodzi chimene chimandiopsa kuposa manati ndi poimika. Tayala likaphwa pakona kapena kuseri kwa chitunda, yendanibe pang'onopang'ono mpaka pamalo owongoka, ngakhale tayalalo liwonongeke. Tulukani mumsewu mmene mungathere, yatsani mahazadi, okwera atsike akaime kutali ndi phula. Matirayango aja si ongoonetsa apolisi pa rodibuloko, aikeni patali ndithu kutsogolo ndi kumbuyo. Nthambi zamasamba timathyola zija masana zimathandizako, koma usiku m'chifunga dalaivala wa thanki yamafuta sazionera patali. Amene mumaziyala, muzichotsenso pochoka.

Mukavala sipeya musaiwale manati. Amatha kumasukako wilo likakhazikika, choncho mukayenda makilomita ngati 50, mtunda wonga wochokera ku Nkhata Bay kufika m'tauni muno, imani muwamangitsenso ndi sipanala, kenako mukasiye lophwalo kwa omata tsiku lomwelo.