Banja la ku America lili ndi madola miliyoni? Ndikukana

Pali nambala ina imene ikuyendayenda pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, yoti banja la ku America lili ndi chuma choposa madola 1 miliyoni. Nambalayi si yopeka. Inachokera ku Federal Reserve, banki yaikulu ya dzikolo, yomwe pa zaka zitatu zilizonse imafufuza chuma cha mabanja. M'kafukufuku wa 2022, avareji inalidi madola 1.06 miliyoni. Koma m'lipoti lomwelo muli nambala inanso imene anthu saigawa kawirikawiri: madola 192,900. Ichi ndi chuma cha banja limene lingapezeke pakati penipeni mutawandandalika mabanja onse kuyambira losaukitsitsa kukafika lolemeretsetsa. Akatswiri amati median. Theka la mabanja lili pansi pake, theka lina pamwamba.

Ine ndili kumbali ya nambala yachiwiriyi, ndipo zimandiwawa kuona yoyambayo ikusokoneza anthu mitu.

Taganizani za chipepeso pamaliro. Anthu asanu ndi anayi aponya K1,000 aliyense, kenako pabwera mpondamatiki wina n'kusiya K91,000. Zonse pamodzi zakwana K100,000. Mukagawa kwa anthu khumiwo, zituluka kuti aliyense wapereka K10,000. Masamu ake ndi olondola, koma amfumu ataimirira n'kulengeza choncho, anthu angayang'anane, chifukwa palibe ndi mmodzi yemwe amene wapereka K10,000. Avareji imachita zomwezo. Munthu mmodzi wolemera kwambiri amaikokera m'mwamba, pamene enawo ali pomwe analipo.

Ndipo ku America okokawo ndi amphamvu zedi. Mabanja 10 pa 100 alionse, a pamwambawo, ali ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu a chuma chonse cha mabanja m'dzikomo. Theka lonse la pansi likugawana zosakwana 3 peresenti. Anthu olemeretsetsa monga Elon Musk ndi Jeff Bezos akakhala kuti masheya awo akwera, chuma cha dziko chimaoneka ngati chakwera, koma mayi wopukuta pansi m'chipatala ku Indiana sanaonjezeredwe ngakhale senti.

Komanso tisathamangire kunena kuti madola 192,900 ndi ndalama zambiribe. Inde, mukazisintha m'makwacha mutu umazungulira. Koma chuma chimene akuwerengacho si ndalama zili m'thumba. Amaphatikiza mtengo wa nyumba, galimoto, ndalama zosungira ukalamba ndi zina zotero, kenako n'kuchotsapo ngongole. Kwa mabanja ambiri apakati, gawo lalikulu ndi nyumba imene akugonamo, ndipo simungagumule khonde n'kukagulira chakudya. Onani kusiyana kwake: m'kafukufuku yemweyo, banja lapakati mwa amene ali ndi nyumba yawoyawo linali ndi madola 396,200, pamene lapakati mwa ochita lendi linali ndi madola 10,400 okha. Banja lapakati la azungu linali ndi 285,000, la anthu akuda 44,900. Dziko ndi limodzi, koma miyoyo ndi yotalikirana kwambiri. Federal Reserve yomweyo inafunsanso anthu kuti akanatani atagweredwa vuto ladzidzidzi lofuna madola 400. Amene anati akhoza kulipira ndi ndalama zomwe ali nazo anali 63 pa 100 alionse. Otsalawo ndiye kukongola, kugulitsa kanthu, kapena kungogwira njakata.

Mwina mukuti, nanga ife za ku America zikutikhudza bwanji? Zikutikhudza kudzera mwa abale athu amene ali kumeneko. Ambiri mwa iwo ndi ochita lendi aja. Ena akusamalira okalamba usiku wonse, m'mawa n'kuthamangira ntchito yachiwiri. Ndiye kumudzi wina waona nambala ya miliyoni ija pafoni, basi mtima wadzuka. "Achimwene, mwatiiwala. Kumeneko ndalama mumangotola." Malata akufunika, fizi ikufunika, feteleza akufunika, ndipo munthu akanena kuti mwezi uno zavuta amasanduka woumira, wodzikonda, wonyoza kwawo. Abale akudana chifukwa cha chithunzi chabodza, ndipo avareji ikuthandiza kuchijambula.

Za ku Joni ndiye n'zoposa apa. Kafukufuku wa mu 2020 anapeza kuti ku South Africa anthu 10 pa 100 alionse, a pamwambawo, ali ndi pafupifupi 85 peresenti ya chuma, ndipo theka la pansi, mukaliphatikiza pamodzi, ngongole zake zikuposa katundu yemwe lili naye. Mukagawa chuma cha ku Sandton, dera la anthu olemera ku Johannesburg, kwa onse, dzikolo limaoneka la mwanaalirenji. Mnyamata amene watsika basi ku Johannesburg ndi kachikwama kake amakafikira m'kachipinda ka malata ku Diepsloot, ndipo ndi kumeneko kumene amakadziwira zoona zake.

Sindikunena kuti avareji ndi yachabechabe. Ili ndi ntchito yake. Boma likafuna kudziwa kukula kwa chuma chonse, kapena kuchuluka kwa msonkho umene lingatolere, imathandiza. Ngakhale kutalikirana kwa avareji ndi median kumatiuza kanthu: nambala ziwirizi zikasiyana kasanu, monga zilili ku America, dziwani kuti chuma chaunjikana m'manja mwa ochepa. Chimene ndikukana n'kuitenga avareji n'kumati umu ndi mmene banja wamba likukhalira.

Kwathu kuno nkhaniyi ikutidikira. Masomphenya a Malawi 2063 akufuna kuti dziko lathu lidzalowe m'gulu la mayiko opezako bwino, ndipo muyeso wake ndi ndalama zimene dziko lapeza zitagawidwa kwa munthu aliyense. Imeneyonso ndi avareji. Migodi ikhoza kutsegulidwa, mabanki akhoza kupanga phindu la mabiliyoni chaka ndi chaka, nambala n'kukwera, koma mlimi wa ku Nsanje akugulabe chimanga cha pambale mu Januwale. Kafukufuku wa National Statistical Office wa 2019/2020 anapeza kuti Amalawi 50.7 pa 100 alionse ndi osauka. Choncho amene ali pakati penipeni pa mzere wathu waima pamalire a umphawi.

Atolankhani athu, chonde, nduna ikadzaimirira n'kunena kuti ndalama za munthu aliyense zakwera, muzidzafunsa kuti banja lapakati lapeza zingati, ndipo ndalamazo zikugula matumba angati a chimanga poyerekeza ndi chaka chatha.