Iwo akusiya kuwerenga utsi, ife tikuwerenga maliro

Anthuni, nkhani iyi yandiwawa. Mu September 2025, EPA, bungwe la boma la America loona za chilengedwe, lidati likufuna kuthetsa lamulo loti mafakitale akuluakulu, malo opangira magetsi ndi oyengera mafuta, onse oposa 8,000, azinena chaka ndi chaka kuchuluka kwa mpweya wotenthetsa dziko umene akutulutsa. Chifukwa chake akuti zimadyera makampani ndalama. Basi.

Ndalama? Kulemba manambala papepala ndiye kwadula? Pitani ku Chilobwe mukafunse amene ankakumba abale awo m'matope ndi makasu, phiri la Soche litagumuka, akuuzeni chimene chimadula. Namondwe Freddy yekha, mu March 2023, adatitengera anthu oposa 1,000.

Wosiya kuyeza ndi wobisa, ine sindiona china. Venda akabwera kudzagula chimanga chanu, sikelo n'kuisiya m'galimoto, n'kumati "amayi, ndanyamula thumbali, sikukwana makilogalamu 50", mumadziwa kale kuti mwaberedwa. Apa n'chimodzimodzi. Wochotsa sikelo sakufuna kuti katundu wake adziwike kulemera.

Ndipo musamve zoti makampani adzanena okha mwa ufulu wawo. Tidaona kale. Mu 2015 Volkswagen, kampani yopanga magalimoto ya ku Germany, idagwidwa itaika pulogalamu yonamiza makina oyezera utsi m'magalimoto a dizilo pafupifupi 11 miliyoni. Sidaulule yokha ayi. Akatswiri a ku West Virginia University adachita kumangirira zida zoyezera pagalimoto n'kuyenda nazo pamsewu, bodza n'kuonekera. Pamenepo lamulo lilipo! Nanga likachoka?

Dziko lonse lidadziwa kuti zinthu zavuta chifukwa wina adakhala pansi n'kuyeza. Wasayansi wa ku America Charles Keeling adayamba kuyeza mu 1958 paphiri la Mauna Loa ku Hawaii. Nthawi imeneyo mpweya wotenthetsa dziko wa carbon dioxide mumlengalenga anali pa magawo 315 pa miliyoni. Lero wadutsa 420. Popanda manambala amenewa bwenzi mpaka pano akutiuza kuti mvula yangochedwa, n'zachilengedwe.

Africa yense satulutsa ngakhale 4 peresenti ya mpweya umenewu. Komabe ife a Malawi tidalemba pansi lonjezo pansi pa pangano la maiko la zanyengo la ku Paris loti pofika 2040 tidzauchepetsa ndi 51 peresenti tikathandizidwa. Ife osauka tiziwerengetsa ng'ombe zathu ndi nkhuni zathu, iwo a zitsime za mafuta azingoti tikhulupirireni? Pamsonkhano wa zanyengo ku Sharm el-Sheikh, ku Egypt, mu 2022 maiko adagwirizana za thumba lolipira maiko ovulazidwa ndi kusintha kwa nyengo. Mlandu umayenda ndi umboni, ndiye akufuna umboniwo usowe. Aiwale, mlandu suwola.

Komanso ife kuno tisadziyeretse. Misonkhano ya zanyengo m'mahotela a kunyanja siyitha, ma alawansi akutuluka, zithunzi zikujambulidwa. Koma imani pa Zalewa m'bandakucha muone matumba a makala ali mbwee panjinga ndi pamalole kulowera ku Blantyre. Akuwerenga ndani? Mitengo imene yagwa ku Neno ndi ku Mwanza chaka chino, nambala yake tikaipeze kuti? Mukadzuka ndiye kukalanda thumba limodzi la mayi wosauka, pomwe magetsi azima kuyambira m'mawa. Aphikire chiyani?